Chitenje cha Lachinayi

Lachiwiri, 9 Julaye

Chiperoni kuyambira m'mawa. Nsapato zanyowa ndisanafike n'komwe pa siteji ya ku Nancholi. Holo ya pakampasi yozizira ngati mochale.

Lero phunziro lina la zija za anthu a ku Asia. Ife a digiri yachiwiri anatilamula kuti tizipezekako, akuti tizitsegula mitu. Sabata yatha zinali za nkhalamba za ku Japan, zomwe zimafera m'nyumba zokhazokha aneba osadziwa. Lero Pulofesa Jacqueline, mlendo uja wochokera kunja, anakamba za akazi amasiye a ku India ndi ku Pakistan. Zithunzi pakhoma. Akuti ena mwamuna akamwalira amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku angapo, osatuluka, osaonana ndi amuna achilendo. Anzanga kulemba mothamanga ngati akumva za kumwezi.

Ine sindinalembe kanthu. Ndimangoona adona Sabiha.

Amayi analowa ntchito m'nyumba ya adona, Amwenye a ku Mpingwe, ine ndili kupulayimale. Kuphika, kuchapa, kusita, zonse. Ine ndakulira kukotasi kuseri kwa nyumbayo, ndipo amayi akukhalabe komweko. Abwana, amuna awo a adona, anamwalira mu Meyi. Chiyambire pamenepo makatani otseka, adona m'kati. Amayi amati ndi idati, mwambo wa Chisilamu wa amasiye uja. Asia wa Pulofesa ndi wa pakhoma. Wanga ndimadziwa ndi fungo lake lomwe.

Mawa wekishopu ya kaphunzitsidwe. Ine kuima pamaso pa anthu ndimakuopa ngati njoka.

Lachitatu, 10 Julaye

A Dokotala Stafford ndiwo akuyendetsa wekishopu. Munthu wamfupi, mawu ngati wa pa maliro a mfumu. Dongosolo lake: aliyense aphunzitsa kaphunziro kakafupi, mutu wochokera m'maphunziro a za Asia aja. Kamera ikujambula. Kenako tonse kuonera, kudzudzulana. Ochita bwino awatenga kuti azithandiza kuphunzitsa a chaka choyamba. Kantchito kameneko ndikukafuna, Mulungu akudziwa.

Mawu awo amene andikhala m'mutu: "Mphunzitsi wowerenga pepala ndi wailesi. Mukaona maso a ana akulemera, tayani pepalalo, aponyereni nkhani yamoyo. Chinthu chimene mwachiona ndi maso anu."

Mitu tinachita kutola m'chipewa chawo. Ine ndatola umasiye. Tamandani, mnzanga wa pa benchi, watola za mpunga wa ku Vietnam, akuti iye ndi mpunga amadziwana pa Khirisimasi pokha. Ndiye kundiseka: "Iwe Alefa ukadzaima kutsogoloko tidzakuikire ndowa pansi." Chitsiru. Koma sakunama.

Lamulungu, 14 Julaye

Nditatuluka Misa ndinapita kwa amayi. Pachingwe panali chitenje chawo chobiriwira chija, cha nkhanga. Pochianula ndinamva fungo la mafuta a adona. Ndinaseka, ndati amayi mwayamba kudzola za mabwana?

Sanaseke. Anatseka chitseko, n'kundikhazika pabedi.

Kani Zarina wabereka. Zarina, mwana yekhayo wa adona, yemwe anakwatiwa ndi mphunzitsi wa Chikhirisitu wa ku Chimwankhunda, abale onse n'kumufufuta ngati sanabadwe. Mwana wamkazi. Ndiye Lachinayi lililonse, abale aamuna akapita kusitolo, amayi amawamanga adona chitenje chimenechi, duku mpaka m'maso, n'kutulukira kukageti ka kuseri. Wapansi mpaka pa siteji ya ku Limbe, minibasi mpaka ku Chimwankhunda. Kukanyamula mdzukulu, kubwerera amuna asanaweruke.

Adona m'minibasi! Munthu woti moyo wake wonse amachita kutsegulirwa chitseko cha galimoto. Amayi akuti tsiku loyamba kondakitala anawakalipira, "Sunthani mayi, mwagula mpando wonse?" ndipo adona anasuntha, atagwira amayi pamkono. Apa ndiye amayi anaseka mpaka misozi.

Kenako nkhope inasintha. "Izi zithere m'kamwa mwakomo. A Nizam akamva, ine ndi adona tonse tapsa."

A Nizam ndi mng'ono wa malemu. Sitolo ya zitsulo, nyumba, kotasi, zonse tsopano zili m'manja mwawo. Si munthu woipa. Anandigulirapo mabuku. Koma pa za Zarina safuna kumva ngakhale dzina.

Ndati amayi, ine ndingauze ndani?

Lachitatu, 17 Julaye

Ndaphunzitsa! Ine, Alefa January!

Poyamba zinali zomvetsa chisoni. Mawu ngati a mwanapiye. Ndikuwerenga za amasiye a ku Punjab, ndikukweza maso: wina akuseweretsa foni, Tamandani akuyasamula mpaka kuoneka kholingo, a Dokotala akuyang'ana wotchi. Thukuta kamukamu ndi kuzizira konseku. Mumtima ndati zanga zada. Basi ndinangomva mawu aja, tayani pepala.

Ndinalitaya. Ndinati, "Ku Asia simuyenera kukwera ndege. Kuno ku Mpingwe kuli mayi wina wamasiye."

Zinangotuluka zokha ngati madzi a pampopi. Mitu yonse dzuu. Foni pansi. Pofika pa kondakitala anaseka, pofika pa mdzukulu zii, mtsikana wina wa kumbuyo akupukuta m'maso. Nditamaliza anaomba m'manja, a Dokotala anachita kuimirira. Chibadwire sindinaomberedwepo m'manja.

Dzina sindinatchule. Ndikubwereza, dzina la munthu sindinatchule.

Lachinayi, 18 Julaye

Dzulo ndinali woledzera ndi manja aja. Lero ndikukumbukira chimodzichimodzi.

Ndinati Mpingwe. Ndinati sitolo ya zitsulo. Ndinati malemu anapita mu Meyi. Ndinati Lachinayi, ndinati Chimwankhunda, ndinati mwana wokwatiwa ndi mphunzitsi. Ndinatchula ndi nkhanga za pachitenje zomwe! Dzina likanawonjezera chiyani pamenepo? Ku Limbe amasiye a sitolo ya zitsulo a mu Meyi alipo angati?

Ndipo kanyali kofiira ka kamera kanali kuyaka.

Pano ndikulemba, amayi ndi adona ali m'minibasi. Ambuye, ayende bwino.

Komabe m'kalasi muja mulibe Mmwenye. Vidiyo ndi yathu yokha, yophunzirira. Zithera momwemo. Ziyenera kuthera momwemo.

Lachisanu, 19 Julaye

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Taonera mavidiyo. Mawu anga oipa, khosi lalitali, koma zonse zikumveka bwinobwino, liwu ndi liwu. A Dokotala anaimitsa pomwe ndinataya pepala, akuti onani, apa ndi pamene mphunzitsi anabadwa. Anzanga kundimenya pamsana.

Kenako chilengezo. Lachisanu likubwerali ndi tsiku lotsekera maphunziro a za Asia. Mavidiyo abwino kwambiri adzaonetsedwa m'holo, pakhoma lalikulu, pamaso pa Pulofesa ndi alendo. Yanga ndiye yoyamba. Alendowo ndi amalonda a ku Limbe amene anathandiza kulipira malo ogona a Pulofesa ndi tiyi wa m'holo. Anawatchula mokondwa, mmodzimmodzi. Wachiwiri anali a Nizam a sitolo ya zitsulo.

Sindikudziwa kuti ndinatuluka bwanji. Ndinakasanza kuseri kwa laibulale. Tamandani anandipeza komweko, ati, "Aise, uli ndi pakati kapena?" Ndikanakonda.

Lolemba, 22 Julaye

Ku ofesi ya a Dokotala Stafford. Ndinadikira pakhomo mpaka miyendo kuuma. Ndati bwana, chonde, vidiyo yanga ichotsedwe.

Anaseka. "Manyazi amenewo ndi amene tikuchiza, mayi January."

Ndati si manyazi, nkhaniyo ndi ya anthu enieni. Iwo ati n'chifukwa chake ikugwira mtima. Ndati ingawapweteke. Ati, "Munatchula dzina? Ayi. Ndiye palibe mlandu." Akuti mavidiyo alumikizidwa kale, Pulofesa waonera kale, wakonza ndi zoti adzanene pa yangayo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Kantchito kaja mukukafuna kapena ayi?"

Pamenepo ndikanangonena. Bwana, mlendo wanu wachiwiri uja ndi mlamu wa mayi wa m'nkhaniyo. Mawu ake ndi omwewo, ochepa. Koma kutero ndiye kutchula dzina lija ndi pakamwa panga, kwa munthu amene amamwa tiyi ndi a Nizam. Nanga akakawauza mwaulemu, kupepesa? Ndinagwira njakata. Ndinathokoza, n'kutuluka. Kuthokoza! Mxii.

Tamandani ndamuuza theka. Nzeru zake: tipemphere magetsi azime. Chiyambire moyo wanga aka n'koyamba kupempherera zimenezo. Ndiye wakumbukira yekha kuti holo ili ndi jenereta.

Lachitatu, 24 Julaye

Ndinaimbira amayi kuti ndiwauze. Ndinali nditakonza mawu bwinobwino, ndinayeserera m'bafa.

Sanandipatse mpata. Mwana wayamba kumwetulira. Ali ndi mphuno ya malemu. Adona akumulukira kachipewa, amabisa ulusi m'chitini cha ufa wa chapati. Akuti chimwalirire abwana, dzana ndi pamene adona anamaliza chakudya m'mbale. Mawu a amayi opepuka ngati a mtsikana.

Ndinati, amayi. Iwo, "Ee?" Ine, muzisamala. Basi. Mayunitsi anali akadalipo, chimene chinatha ndi mtima.

Wamantha ine. Ndikudzida.

Lachinayi, 25 Julaye

Ndinajomba, ndinapita ku Mpingwe kuti ndikanene maso ndi maso. Mutu wanga! Ndinaiwala kuti lero ndi Lachinayi. Kukotasi loko.

Ndili chiimire pageti, pikapu yoyera ya a Nizam iyo. Masana, nthawi yoti sabwera. Anatsitsa galasi akumwetulira. "Alefa, mwana wathu wophunzira! Mawa ndikubwera kusukulu kwanu, ndamva uli pa pulogalamu." Anafunsa amayi. Ndati apita kumsika. Anafunsa ngati alamu awo akupuma. Ndati eya, agona. Bodza kutuluka mosavuta chonchi, chilungamo n'kumakanirira pakhosi.

Anati angotenga makiyi a nyumba yosungira katundu. Atalowa ndinathamangira kuseri kwa mpanda, kuimba. Amayi, musafike, a Nizam ali pakhomo. Iwo ndi adona anakadikira pa okala ina mpaka galimoto itachoka.

Madzulo amayi anaimba. "Watipulumutsa mwanawe. Adona akuti Mulungu akudalitse."

Ndinalira mpaka mwini nyumba anagogoda kufunsa ngati kwagwa zovuta. Ndipo sindinanenebe.

Lachisanu, 26 Julaye

Magetsi anazimadi. Tamandani kunditsina. Mphindi pang'ono jenereta gududu, khoma n'kuyakanso.

A Nizam mzere woyamba, kapu ya tiyi m'manja. Ine kumbuyo kwenikweni, sindinaone vidiyo, ndimangoona khosi lawo. Pa Mpingwe anatembenuza mutu pang'ono, ngati munthu amene wamva dzina la kwawo. Pa sitolo ya zitsulo mnzawo wa pambali anawayang'ana. Pa kondakitala holo yonse inaseka, iwo ayi. Pa chitenje cha nkhanga anawerama, n'kuika kapu pansi, pasimenti, pang'onopang'ono. Chitenjecho achiona pachingwe zaka zonsezi.

Manja. Pulofesa akuti ichi ndicho wakhala akufuna kunena mwezi wonse, kuti Asia ali pakati pathu. A Dokotala kundinong'oneza kuti kantchito ndi kanga, kalasi yoyamba Lachinayi m'mawa, iwo adzakhalapo kudzaonerera.

Pakhomo a Nizam anaima patsogolo panga. Sanakweze mawu. "Waphunzitsa bwino, Alefa. Ifenso taphunzira." N'kumapita.

Foni ya amayi kungolira, amaisiya kukotasi akakhala pantchito. Ndinathamangira minibasi. Pa Chichiri mzere wa magalimoto osasuntha, ine kufuna kutsika ndithamange wapansi. Pofika ku Mpingwe magalimoto a abale atadzaza pabwalo. Alonda, munthu woti anandinyamulapo ndili mwana, anangoti, "Andiuza kuti musalowe." Sanandiyang'ane.

Loweruka, 27 Julaye

Palibe. Foni yozima.

Lamulungu, 28 Julaye

Amayi afika m'mawa pa kabaza wa njinga yamoto, kabaza wina kumbuyo atanyamula matumba awiri ndi ndowa. Zaka zonse zija, matumba awiri ndi ndowa.

Anakhala pabedi langa, anavula nsapato, anapempha madzi. Ndiye anafotokoza, mawu osakwera osatsika, ngati akunena za mitengo ya tomato.

A Nizam anasonkhanitsa abale pabalaza. Adona kuseri kwa chitseko chawo, poti sangaonekere. Anawafunsa kudzera pachitsekopo ngati n'zoona kuti amatuluka, ngati n'zoona kuti amapita kwa uja. Adona asanayankhe, amayi anagwada pakapeti. "Bodza ndi langa, bwana. Ndinapeka ine kuti mwana wanga apeze chonena kusukulu. Adona sanapondepo panja."

Kuseri kwa chitseko, zii. A Nizam anafunsanso. Ziii.

Ndiye anati munthu wonamizira mayi wamasiye, kumuchititsa manyazi pamaso pa Limbe yense, sangagone m'mpanda mwawo. Anawapatsa Loweruka kuti alongedze. Kaya anakhulupirira, kaya anangolandira poti bodzalo linawapatsa potulukira, amayi akuti sakudziwa ndipo alibe nazo ntchito.

Ndinagwada. Ndati amayi ndimenyeni, nditukwaneni, chilichonse. Iwo anangofunsa, "Akuti anakuombera m'manja eti?"

Bola akanandimenya.

Lachiwiri, 30 Julaye

Amayi amadzuka kusanache, mwa chizolowezi, n'kusowa chochita. Asita zovala zanga zositasita kale. Miyendo yatupa chifikire, nsapato sizikulowa, kupita kuchimbudzi akuchita kugwira khoma. Kuchipatala akukana. Chipinda chimodzi, bedi limodzi, ine pamphasa. Mwini nyumba wayamba kale kufunsa ngati alendo akhalitsa.

Ndikulongedza zovala zawo m'katoni ndinaona kuti chitenje cha nkhanga palibe. Ndati mwaiwala, kapena anakulandani?

"Ndachisiya pansi pa sinki. Adona akudziwa."

Pambuyo pa zonsezi?

Ati Zarina alibe wina. Ati adona sanakwerepo minibasi okha, sadziwa potsikira, sadziwa kuyankha kondakitala, Chichewa chawo chimathawa akachita mantha. Ati iwo miyendo yakana. "Lachinayi ukawadikire pa siteji ya ku Limbe, pamene pamaima minibasi za ku Chimwankhunda. Pakamwa unatsegula ndiwe."

Ndati Lachinayi m'mawa ndi kalasi yanga yoyamba, a Dokotala adzakhalapo, ndikapanda kupita kantchito kapita, ndiye tidya chiyani awirife? Ndati nanga a Nizam akaika munthu woti aziwalondola? Ndati mwina sabwera n'komwe, munthu woti anakhala chete inu mukuchotsedwa.

Apa ndiye anakweza mawu, koyamba. "Ukanafuna anene chiyani? Ndinagwada kuti akhale chete! Ndi agogo amene aja. Abwera."

Ndikuopa a Nizam. Ndikuopa a Dokotala. Koma kwambiri ndikuopa maso a adona.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Pa siteji, Limbe. Ndikulembera pabondo, pa benchi ya mayi wogulitsa nthochi, kuti manja apeze chochita. Ndavala bulauzi yomwe amayi anasitira kalasi. Ndinatuluka m'nyumba ndisakudziwa kuti ndikwera iti. Kondakitala anakuwa Limbe, basi.

Foni yalira kawiri, a Dokotala Stafford. Uthenga wa Tamandani: ana adzaza, uli kuti iwe? Ndaitembenuza chafufumimba.

Oitanira andifunsa kale kangapo. Sisi mukupita kapena mukugulitsa benchi?

Mwina sabwera. Mwina geti ya kuseri aikhoma. Mwina ndataya zonse chifukwa cha mphepo.

Pikapu yoyera yadutsa pang'onopang'ono. Ku Limbe mapikapu oyera ndi mbwee. Sindinaone nambala. Yaima kutsidya, pafupi ndi ogulitsa matayala. Sakutsika munthu.

Mayo ine. Nkhanga.

Uko, adona akuchokera mbali ya kumsika, okha, akuyenda m'mphepete ngati pansi pali minga. Duku mpaka m'maso. Kajumbo m'manja, kachipewa kaja kayenera kukhala m'menemo. Akuyang'ana uku ndi uku, akufuna amayi. Andiona. Aima.

Pikapu ikadali pomwepo.

Chitenje amanga molakwika, mfundo ili kutsogolo, chikumasuka, achigwira ndi dzanja limodzi. Amayi ndiwo ankawamangira.

Ndikupita kukawamangira.